Zipi ikaluma nsalu: ntchito ya PARP1 pamene selo likukopera DNA

Amalume anga ndi telala ku Mufakose, mu mzinda wa Harare. Makina awo ndi a Singer akale aja opalasa ndi mwendo, ndipo mu Januwale, sukulu zikamatsegulira, pakhonde pawo pamadzaza mayunifomu. Ntchito yambiri imakhala ya zipi. Mwana amafika ndi buluku, zipi italuma nsalu pakatikati, iye akukokabe m'mwamba ndi mphamvu zake zonse. Amalume amamugwira dzanja: "Usakoke, mwanawe. Bweza kaye pansi." Akabweza pang'ono, iwo amawonjola kansalu kolumidwako ndi nsonga ya sizasi, zipi n'kukwera myaa ngati sipanachitike kanthu. Ana amakani, okoka mpaka mano a zipi kuguluka, ndi amene makolo awo amalipira zipi yatsopano.

Pakhonde pomwepo ndi pamene anandifunsa funso limene landilembetsa nkhani ino. Mwana wawo woyamba, msuweni wanga, anamupeza ndi khansa ya m'timatumba ta mazira. Mayi ake anamwalira ndi khansa ya m'mawere iye ali kusekondale. Mlongo wake amene amagwira ntchito ku Leicester anatumiza pa WhatsApp dzina la mapiritsi, olaparib, ndi kachiganizo kamodzi konena kuti amaletsa maselo kukonza DNA. Amalume anawerenga kawiri, magalasi ali pamphuno, kenako anandipatsira foni. "Inu aphunzitsi a sayansi, tandimasulirani. Munthu wadwala chifukwa china chake chang'ambika m'thupi. Ndiye amupatse mankhwala oletsa kusoka? Zimenezo n'zochiza kapena zomalizitsa?"

Tsiku limenelo ndinangochita chibwibwi. Funsolo limaposa ambiri amene ndimaika pa mayeso, ndipo yankho lake limadzera pa enzayimu (puloteni yogwira ntchito inayake m'selo) imodzi yotchedwa PARP1, makamaka pa zimene imachita pa nthawi yoopsa kwambiri pa moyo wa selo: pamene likukopera DNA yake, ntchito n'kuima panjira.

Tiyambire pa nsalu yeniyeniyo. Pafupifupi m'selo lililonse la thupi lathu muli DNA yotalika mamita 2, yopindidwa m'mitolo 46 yotchedwa makromozomu. Ndi zingwe ziwiri zopotana, ndipo pa chingwe chilichonse pandandalikidwa zilembo za mitundu inayi yokha: A, T, G ndi C. A amagwirana ndi T wa pa chingwe chinacho, G amagwirana ndi C, ngati mano a zipi. Mapeyala a zilembozi m'selo limodzi ndi pafupifupi 6 biliyoni, theka la kwa mayi, theka la kwa bambo. Timagawo tokhala ndi malangizo opangira mapuloteni ndi timene timatchedwa majini. Ana a m'kalasi mwanga amene kwawo amalankhula Chichewa amaseka ndikatchula mawu amenewa, poti kunyumba majini ndi mizimu yogwira anthu. Awa ndi ena.

Selo lisanagawikane pawiri liyenera kukopera zilembo zonsezi, ndipo limamaliza m'maola pafupifupi 8. Enzayimu yooneka ngati mphete, helicase, imatsegula zingwe ziwirizo monga kachitsulo ka zipi kamachitira. Pamalo pamene zingwe zikupatukana pamaoneka ngati mphanda, ndipo asayansi amapatchuladi choncho m'chinenero chawo. Kumbuyo kwa helicase kumabwera osoka, ma polymerase, amene amawerenga chingwe chakale n'kumaluka chatsopano choyenerana nacho. Mphanda imodzi imayenda zilembo 1,000 kapena 2,000 pa mphindi. Kromozomu yathu yaikulu kwambiri ili ndi mapeyala pafupifupi 250 miliyoni, ndiye kukhala kuti kukopera kumayambira malo amodzi, kukanatenga mwezi ndi kupitirira. N'chifukwa chake selo limayambitsa ntchitoyi pa malo oposa 30,000, paliponse mphanda ziwiri zikuyenda mofulatirana mpaka kukakumana ndi zinzake.

Pali kavuto kena kobadwa nako. Zingwe ziwiri za DNA zinagona mosemphana, mutu wa china kumiyendo kwa chinzake, pomwe polymerase imadziwa kusoka cholowera mbali imodzi yokha. Chingwe chimodzi chimasokedwa mosadukiza. Chinacho chimasokedwa m'tizidutswa ta zilembo pafupifupi 200, tolumikizidwa pambuyo pake. Tizidutswati anatitulukira mu 1968 Reiji Okazaki ndi mkazi wake Tsuneko Okazaki ku Nagoya, ndipo timatchedwa ndi dzina lawo. Mukawerengera, selo limodzi limapanga tizidutswa pafupifupi 30 miliyoni pa kukopera kumodzi. Musatiiwale, tibwereranso.

Tsono njira imene mphanda imayendamo si ya tala. Tomas Lindahl wa ku Sweden anaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti DNA imaphwasuka yokha popanda woiputa: m'selo limodzi zilembo pafupifupi 10,000 zimathothoka tsiku lililonse chifukwa cha madzi ndi kufunda kwa thupi basi. Mu 2015 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Paul Modrich ndi Aziz Sancar chifukwa cha kafukufuku wa mmene maselo amakonzera zowonongekazi. Onjezanipo za kunja. Dzuwa limamatiriza zilembo T ziwiri zoyandikana m'maselo a khungu, ndipo abale athu achialubino, amene khungu lawo lilibe chotchinga, ndi amene amalawa mkwiyo wake. Utsi wa fodya umasiya zinthu zokakamira pa G. Mtedza ndi chimanga zachuku zimakhala ndi poizoni wa aflatoxin, amene akafika m'chiwindi amasanduka chinthu chomata pa G yemweyo. Mowa, kaya ndi kachasu kaya wa m'botolo lokongola, thupi limausandutsa acetaldehyde, amene amatha kumanga zingwe ziwirizo pamodzi kuti zisatseguke n'komwe.

Nthawi zina njira ili bwinobwino koma ulusi watha pa bobini: zilembo zatsopano zosokera zachepa m'selo. Nthawi zina mphanda imakumana maso ndi maso ndi makina ena amene akuwerenga jini pa chingwe chomwecho, ngati makombi awiri pa kamsewu kopapatiza, aliyense akuliza hutala. Ndipo maselo amene ayamba kusanduka khansa amadzipanikiza okha, chifukwa amakankhidwira kukopera asanakonzeke. Kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ndi khansa yofala kwambiri pakati pa amayi ku Zimbabwe kuno ndi ku Malawi, kamachita zimenezi mwadala. Puloteni yake ina, E7, imakankha selo kuti liyambe kukopera, ndipo ina, E6, imachotsa mlonda wotchedwa p53 amene akanaimitsa zonsezo. Chilichonse chochedwetsa kapena kuimitsa mphanda chimatchedwa replication stress. Ine m'kalasi ndimati kupanikizika kwa mphanda.

Kuima pakokha si tsoka. Tsoka ndi zimene zimatsatira. Polymerase ikatsakamira, helicase imatha kupitirizabe kutsegula kutsogolo, n'kusiya chingwe chimodzi chili pambalambanda, chopanda mnzake. Chingwe chotere sichichedwa kuduka. Selo limachikuta msanga ndi puloteni yotchedwa RPA, ndipo enzayimu ya ATR ikaona RPA yachuluka imaliza belu: mphanda zatsopano zisayambike, selo lisagawikane. Choopsa kwambiri ndi pamene mphanda yothamanga ifika pamalo pamene chingwe chimodzi chinaduka kale. Pa DNA yotsekeka, kuduka kwa chingwe chimodzi ndi kabala kakang'ono, poti chinacho chagwira. Koma mphanda ikafikapo n'kutsegula, mwendo wonse wa mphandayo umagwa, ndipo kabala kaja kasanduka kuduka kwa zingwe zonse ziwiri. Selo likalumikiza nsonga yodukayo ndi nsonga ya kromozomu ina, kapena likataya chidutswa, ana ake onse amatengera cholakwikacho. Mukayang'ana makromozomu a khansa ya m'timatumba ta mazira, mumapeza zigamba zokhazokha: apa pabwerezedwa, apa pasowa, apa mkono wasokeredwa pa mwendo.

Apa ndi pamene PARP1 imalowa m'bwalo. Mbiri yake inayambira ku Strasbourg mu 1963, pamene Pierre Chambon ndi anzake, akufufuza m'maselo a chiwindi cha nkhuku, anapeza enzayimu yopanga unyolo wachilendo umene poyamba anauyesa chinthu china. M'banja la PARP muli mapuloteni 17, koma PARP1 ndi imene imagwira gawo lalikulu la ntchito DNA ikawonongeka. Ndi yochuluka kwambiri m'kati mwa selo, ndipo ili ndi tizala togwira nato paliponse pamene chingwe chaduka. Imafika m'masekondi ochepa. Ikagwira, imapindika, ndipo kupindikako kumatsegula mbali yake yogwira ntchito. Imayamba kutenga NAD+, chinthu chimene selo limagwiritsanso ntchito potulutsa mphamvu m'chakudya, n'kumachidula, n'kumalumikiza zidutswazo kukhala unyolo wanthambinthambi wofika mpaka mfundo 200. Unyolo umenewu imaumangirira pa mapuloteni oyandikana nayo, koma wambiri imadzimangirira yokha.

Onani bwino: PARP1 payokha sisoka kanthu. Ili ngati choko cha telala, kapena munthu woimika nthambi pamsewu galimoto ikawonongeka. Unyolo uja ndi chizindikiro. Umamasula mitolo ya DNA kuti amisiri apeze polowera, ndipo umaitana XRCC1, puloteni imene imabwera itanyamula osoka ndi olumikiza. Kenako pamachitika chinthu chimene ine ndimachiona kuti ndi mtima wa nkhani yonseyi. Unyolo uja uli ndi mphamvu ya magetsi yofanana ndi ya DNA, ndipo zofanana zimakankhana. Ukamatalika, PARP1 imalephera kugwiritsitsa, mpaka imataya n'kuchoka. Ndiye kuti mfuu yomwe yaitana amisiri ndi yomwenso imachotsa woitanayo pamalopo kuti amisiriwo apeze malo. Enzayimu ina, PARG, imadzaphwasula unyolowo m'mphindi zochepa, PARP1 n'kukhala yokonzeka kupita kwina.

Ndipatuke pang'ono, poti nkhani ya NAD+ imafika mpaka m'mbale mwathu. Thupi limapanga NAD+ kuchokera ku niacin, vitamini B3. M'chimanga muli niacin, koma ndi womangika moti matumbo athu samutulutsa bwino. Anthu a ku Mexico, kumene chimanga chinachokera, amachiphika ndi laimu, ndipo zimenezo zimamumasula. Ife tinalandira chimanga, mwambo wa laimu unatsalira komweko. Munthu wodalira nsima yokha popanda ndiwo zokwanira amadwala pelagra, khungu lothetheka pamene pamawomba dzuwa, kutsegula m'mimba, kenako kusokonezeka mutu. Mu 1990 anthu pafupifupi 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali ku Malawi anadwala matendawa, mtedza utasiya kufika m'misasa. Sindikunena kuti chiponde ndi mankhwala a khansa, ayi. Ndikungoti enzayimu imene tikukambayi imadya za m'mbale yomweyo, ndipo mtedza womwewo umene umapereka niacin ukachita chuku umabweretsa aflatoxin.

Kwa zaka zambiri PARP1 inkadziwika ndi ntchito imeneyi yokha, yokonzetsa mabala a chingwe chimodzi mphanda isanafikepo. Zimene imachita pa mphanda penipenipo zadziwika posachedwapa, ndipo n'zimene zinandikumbutsa zipi ya amalume.

Mphanda ikakumana ndi chopinga, imatha kubwerera m'mbuyo. Zingwe ziwiri zakale zimene zinatsegulidwa zimatsekananso. Zingwe ziwiri zatsopano, zimene zakankhidwa pamalo pake, zimagwirana zokhazokha, poti zilembo zake n'zoyenerana. Pamalo pa mphanda ya nthambi zitatu pamakhala nthambi zinayi, yachinayiyo yaifupi. Asayansi amati ndi phazi la nkhuku, ndipo aliyense amene anadyapo zipalapasiro akaona chithunzi chake savutika kumvetsa: zala zitatu zazitali ndi kamodzi kakafupi. Ganizoli linaperekedwa koyamba mu 1976 ndi Patrick Higgins ndi anzake ku Chicago, koma kwa nthawi yaitali ambiri ankaliona ngati chizindikiro cha ngozi, chinthu chochitika m'maselo odwala okha. Gulu la Massimo Lopes ku Zurich ndi limene linatembenuza maganizo. Iwo ankaumitsa mphanda zili pa ntchito n'kumazijambula imodziimodzi ndi makina oonera zinthu zing'onozing'ono a ma electron. Mu 2012 anaonetsa kuti maselo opatsidwa pang'ono chabe mankhwala a camptothecin amabweza mphanda zambiri, ndipo kuti PARP ikaletsedwa, mapazi a nkhuku aja amasowa, mphanda zimathamangabe, DNA n'kuduka. Mu 2015 anapeza zomwezo ndi mitundu yambiri ya zowononga DNA: mwa mphanda 100 zilizonse, pakati pa 15 ndi 30 zinkapezeka zitabwerera. Si ngozi. Ndi khalidwe la selo labwinobwino.

Camptothecin amachokera ku mtengo wa ku China, ndipo amatchera msampha enzayimu yotchedwa topoisomerase. Amene anapotapo chingwe cha khonje akudziwa kuti ukamalekanitsa nsambo zake, kutsogolo kumapotana kwambiri mpaka kupanga mfundo. Topoisomerase imadula chingwe chimodzi kwa kanthawi, DNA n'kuzungulira, iyo n'kulumikizanso. Mankhwala aja amaigwira itadula kale, isanalumikize. Mphanda yothamangira pamenepo yathamangira phompho.

Kubwerera kumapindulitsa m'njira zingapo. Chowonongeka chija chimapezeka chabwerera m'kati mwa DNA ya zingwe ziwiri, mmene amisiri amatha kuchidula n'kukopera zoyenera kuchokera pa chingwe chinacho. Chingwe chatsopano chimene chinatsakamira chimathanso kukopera kwa mnzake watsopano pa kachala kachinayi kaja, n'kulumpha chopingacho popanda kulakwitsa chilembo. Zikakanika zonsezi, mphanda imangodikira mpaka ina yochokera mbali inayo ifike n'kumaliza gawo lotsalalo.

Komatu PARP1 si imene imakankha mphanda kuti ibwerere. Imeneyo ndi ntchito ya maenzayimu ena, monga SMARCAL1, ZRANB3 ndi HLTF, mothandizana ndi puloteni ina yotchedwa RAD51. Gawo la PARP1 linafotokozedwa mu 2013 ndi gulu la Alessandro Vindigni. Pali helicase ina, RECQ1, imene ntchito yake ndi kuwongola phazi la nkhuku kuti kukopera kuyambirenso. RECQ1 ndi mwana uja wokoka zipi: sifunsa ngati nsalu yachoka. PARP1, ikakhala itavala unyolo wake, imagwira RECQ1 n'kuiletsa. Malinga ngati bala lilipo, PARP1 imapangabe unyolo, ndipo RECQ1 imakhala yomangika. Bala likapola, unyolo umaphwasulidwa, RECQ1 imamasuka, mphanda n'kunyamuka. Palibe wotchi, palibe kapitawo. Bala lenilenilo ndi limene limasunga nthawi.

Phazi la nkhuku nalonso lili ndi chiopsezo chake. Nsonga ya kachala kachinayi imafanana ndendende ndi DNA yoduka, ndipo m'selo muli masizasi, monga MRE11, amene ntchito yawo ndi kusenga nsonga zoterozo. Mu 2011 Katharina Schlacher ndi Maria Jasin ku New York anaonetsa kuti puloteni ya BRCA2 imayala RAD51 pa DNA yatsopanoyo ngati chotchinga, ndipo popanda BRCA2, MRE11 imadya zimene zangosokedwa kumene. BRCA1 imagwiranso nawo ntchitoyi. Chodabwitsa n'chakuti PARP1 yomweyo ili m'gulu la oitana MRE11, poti kusenga pang'ono kumafunika kuti mphanda ina iyambirenso. Mlonda yemweyo ndiye woitana wa sizasi. M'selo lokhala ndi BRCA yabwino zimenezi sizivuta, chifukwa sizasi imapeza nsalu yotchingidwa kale.

Tizidutswa ta Okazaki tija tibwerere. Mwa 30 miliyoni, n'zosatheka kuti tonse tilumikizidwe bwino ulendo woyamba. Mu 2018 gulu la Keith Caldecott ku Sussex linapeza kuti m'maselo abwinobwino, osaputidwa ndi chilichonse, unyolo wambiri wa PARP umapezeka pa nthawi yokopera, kumbuyo kwa mphanda, pa tizidutswa timene olumikiza anatiphonya. PARP1 imayenda pambuyo ngati amayi okunkha m'munda okolola atadutsa. Chaka chomwecho gulu la Jiri Bartek ku Copenhagen linanena chinthu chimene ambiri sankachiyembekeza: PARP ikaletsedwa, mphanda sizichedwa, zimathamanga kwambiri, ndipo liwiro likakwera kupitirira 40 peresenti, DNA imayamba kuwonongeka. Kuthamanga sikufika, anatero akale, ndipo pano pali manambala ake.

Tsopano funso la amalume.

Aliyense ali ndi makope awiri a jini ya BRCA1 ndi awiri a BRCA2, la mayi ndi la bambo. Mary-Claire King anaonetsa mu 1990 kuti pa kromozomu 17 pali jini yoyendetsa khansa ya m'mawere m'mabanja. BRCA1 inapezeka mu 1994, BRCA2 ya pa kromozomu 13 mu 1995. Kupatula kutchinga mphanda, mapuloteniwa ndi amene amakonza DNA yoduka zingwe zonse ziwiri mosalakwitsa, pokopera kuchokera pa kope linzake limene langopangidwa kumene. Munthu wobadwa ndi kope limodzi lowonongeka amakhala bwinobwino, chifukwa linalo likugwira ntchito. Koma pa maselo mabiliyoni ndi zaka makumi, tsiku lina selo limodzi la m'bere kapena la m'njira ya mazira limataya kope lotsalalo. Selo limenelo limayamba kuunjika zolakwika, ndipo mwa zidzukulu zake mumatuluka chotupa.

Ndiye taonani kusiyana kwake. Maselo onse a wodwalayo ali ndi BRCA yogwira ntchito, kupatula a chotupa. A chotupawo atsala ndi mwendo umodzi, ndipo akutsamira pa PARP1. Mu 2005 magulu awiri, la Thomas Helleday ku Sheffield ndi la Alan Ashworth ku London, anaonetsa pa nthawi imodzi kuti kuletsa PARP kumapha maselo opanda BRCA, n'kusiya anzake amoyo. Nyumba ya mizati iwiri ukachotsa umodzi imapendekeka koma imaima. Ya chotupa inali itataya kale mzati umodzi. Olaparib analoledwa ku Ulaya ndi ku America mu Disembala 2014 pa khansa ya m'timatumba ta mazira, ndipo kenako pa khansa zina za m'mawere, za kapamba ndi za prostate zokhudzana ndi BRCA.

Mmene mankhwalawa amaphera n'zochenjera kuposa kungotseka pakamwa pa enzayimu. Olaparib anapangidwa mofanana ndi kachigawo ka NAD+, ndiye amakhala pampando wa NAD+ m'kati mwa PARP1. Enzayimuyo imagwirabe pa bala monga mwa masiku onse, koma singapange unyolo. Kumbukirani kuti unyolo ndi umene unkaichotsa. Popanda unyolo imakakamira pomwepo, yosaitana aliyense, yosachoka. Gulu la Yves Pommier ku America linaonetsa mu 2012 kuti PARP1 yokodwa chonchi ndi yoopsa kwa selo kuposa kusakhala ndi PARP1 n'komwe. Mbewa zobadwa zopanda PARP1 zimakula n'kubereka. Koma PARP1 yokhomereredwa pa DNA ndi mwala panjira ya mphanda, ndipo mphandayo ikubwera mothamanga, RECQ1 ilibe woigwira dzanja, kumbuyo kuli tizidutswa tosalumikizidwa. Selo lokhala ndi BRCA limatolera zidutswa n'kukonza. La chotupa limalumikiza mwachisawawa, makromozomu n'kuphatikana mopingasa, ndipo likayesa kugawikana limafa. Akatswiri akutsutsanabe kuti chomaliza chenicheni n'chiti, kuduka kwa zingwe ziwiri kapena mipata yotsalira kumbuyo kwa mphanda. Ine ndimaona kuti mkanganowu si wa m'mabuku chabe, chifukwa yankho lake ndi limene lidzauze madokotala kuti ayeze chiyani pofuna kudziwa amene angathandizidwe.

Walira mvula walira matope. Maselo a m'mafupa amene amapanga magazi amagawikana usana ndi usiku, kutulutsa maselo ofiira oposa 2 miliyoni pa sekondi, ndiye nawonso amamva kuwawa kwa PARP1 yokodwa. Kuchepa kwa magazi, kutopa ndi mseru ndi zofala kwa omwa mankhwalawa, ndipo ochepa kwambiri amadzadwala khansa ya m'magazi. Chotupa nachonso sichigona. Popeza DNA yake ndi yosakhazikika, chimayesa mwangozi njira zambirimbiri, ndipo mu 2008 zinapezeka kuti maselo ena amalakwitsa kachiwiri pa jini ya BRCA2 mwa njira yoti cholakwika chachiwiricho chimakonza choyambacho, puloteni n'kuyambanso kugwira ntchito. Ena amapeza njira yotchingira mphanda popanda BRCA. Ena amangolavula mankhwalawo kunja. Kusakhazikika komwe kunabala chotupa ndi komwe kumachipatsa pothawira.

Ndiponso si wodwala aliyense amene ali ndi vuto la BRCA. Pa khansa ya m'timatumba ta mazira, obadwa nalo ndi pafupifupi 15 mwa 100, malinga ndi kafukufuku wochitidwa makamaka kwa azungu. Apa pali kudandaula kwanga. DNA ya anthu a mu Africa ndi yosiyanasiyana kuposa ya anthu a kwina kulikonse, koma ndi imene yawerengedwa pang'ono. Zotsatira zake n'zakuti mayi wa ku Mufakose akayezetsa, mpata ndi waukulu woti apezeke ndi chilembo chosiyana chimene palibe anganene ngati n'choopsa kapena ndi mmene a kwawo alili basi. Kuyezetsako n'kodula, mapiritsiwo n'ngodula koposa. Chotonthoza n'chakuti mankhwala akale a m'diripi, carboplatin, amene amaperekedwa poyamba pamodzi ndi opaleshoni, amamenya pa chilonda chomwecho: amamanga zilembo za DNA, mphanda n'kutsakamira, ndipo zotupa zopanda BRCA nthawi zambiri zimagonja kwa iwo kuposa zina. Olaparib kawirikawiri amabwera pambuyo, kudzachedwetsa kubwerera kwa matendawo.

Loweruka lapitali ndinakweranso kombi ya ku Mufakose, ndili ndi zipi yakale m'thumba. Ndinawafotokozera amalume zonsezi, mayina ovuta ndikuwadumpha. Anamvetsera mwendo uli pa chopalasira, osapalasa. Nditafika pa PARP1 yokodwa anagwedeza mutu.

"Ndiye kuti wogwira dzanja uja amukhomerera pa zipi pomwepo."

"Eya, amalume."

"Ndipo buluku labwino lili ndi telala wina woti n'kumuchotsa. Lowolalo lilibe."

Sindinawonjezerepo kanthu. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa za ana awo ena awiri aakazi, ndi za mnyamata wa ku Leicester. Ndinawauza kuti ngati msuweni wanga atapezeka nacho chilembocho, aliyense wa iwo ali ndi mpata wa theka woti anatengera, wamwamunayonso, ndipo kuti woyamba kuyezedwa ayenera kukhala wodwalayo. Anatenga choko chawo chosokera, chabuluu chaphwatalala chija, n'kundipatsa pamodzi ndi kachikatoni ka ulusi. "Lembani apa zilembo zinayi zija za BRCA, zikuluzikulu. Lachiwiri tikukalandira diripi yachitatu, ndikawafunse adokotala ndekha."